Kuunika masewero a pa kanema a nkhani zopeka za sayansi

Masewero a nkhani zopeka za sayansi ndi omwe amaonetsa dziko lomwe silinafike koma lomwe nzeru za anthu zingathe kulibweretsa: maulendo a mumlengalenga, maloboti oganiza okha, kapena mizinda ya zaka mazana zikudzazi. Amasiyana ndi nthano za ufiti ndi mizimu poti zodabwitsa zake zimachokera ku makina ndi kafukufuku. Amabwera m'zigawozigawo, motero woonera amakhala ndi atengambali omwewo kwa miyezi ngakhale zaka. Pachifukwachi, muyeso woyamba wa sewero lotere ndi atengambali ake, ndipo makina amabwera pambuyo.

Mbiri mwachidule

Awiri mwa masewero akale odziwika bwino ndi Doctor Who, lomwe BBC idayamba kuonetsa mu 1963, ndi Star Trek la a Gene Roddenberry, lomwe lidayamba ku America mu 1966. Star Trek loyambalo lidaimitsidwa mu 1969 litaonetsa zigawo 79, koma anthu akadakumbukirabe Spock, yemwe bambo ake adali a dziko lina pomwe mayi ake adali munthu, komanso Uhura, mkazi wachikuda woyang'anira mauthenga m'chombo. A Mae Jemison, omwe mu 1992 adakhala mayi wachikuda woyamba kupita mumlengalenga, adanenapo kuti Uhura adawalimbikitsa ali mwana.

Mu Africa muno, chitsanzo chapafupi nafe ndi Supa Team 4, sewero la makatuni lomwe adalipeka ndi a Malenga Mulendema a ku Zambia. Lidakonzedwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku South Africa ndipo Netflix idalitulutsa pa 20 July 2023. Nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka wam'tsogolo, momwe Mama K, kazitape wopuma pantchito, akulemba atsikana anayi apasukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, kuti ateteze mzindawo. M'mwezi womwewo Disney+ idatulutsa Kizazi Moto, makatuni afupiafupi khumi a akatswiri a m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa, ndipo mu 2024 idaonetsa Iwájú, la mzinda wa Lagos wam'tsogolo.

Miyeso ya mtengambali

Funso loyamba ndi lakuti: kodi mtengambaliyu akufunanji, nanga angataye chiyani pofuna chinthucho? Ngwazi yomwe singavulale kapena kuluza kanthu imatopetsa msanga. Atsikana a Supa Team 4 amakoka mtima chifukwa, kupatula kulimbana ndi zigawenga, ali ndi mayeso, achibale ndi chinsinsi choti asunge. Komana amakonda sayansi, Zee mpira wamiyendo, ndipo ntchito yachinsinsiyo imawadyera nthawi ya zomwe amakondazo.

Chachiwiri ndi khalidwe lokhazikika. Mtengambali angathe kusintha, koma kusinthako kuzikhala ndi gwero looneka m'nkhanimo. Spock amadziwika ndi kutsata nzeru posalabadira zamumtima, choncho tsiku lomwe waonetsa chisoni, woonera amadziwa kuti zinthu zafika povuta. Munthu wamantha m'chigawo china akasanduka wolimba mtima m'chigawo chotsatira popanda chomuchitikira, olembawo alephera.

Chachitatu ndi mdani. Mdani wolembedwa bwino amakhala ndi zifukwa zomveka kwa iye mwini, ndipo nthawi zina amakhala munthu wolemekezeka pagulu. Wongochita zoipa chifukwa choti sewero likufuna woipa sapereka phunziro lililonse.

Miyeso ya sewero lonse

Dziko lopeka limakhala ndi malamulo ake, ndipo sewero labwino limawasunga. Ngati adanena kuti makina ena safika patali, asadzafike patali mwadzidzidzi pongofuna kupulumutsa ngwazi. Zikatero woonera amaleka kuda nkhawa, poti wadziwa kuti vuto lililonse lidzatha mwachinyengo.

Sewero liyeneranso kunena kanthu za moyo wa lero. Black Mirror, lomwe a Charlie Brooker adaliyamba mu 2011, limatenga foni ndi masamba a mchezo n'kuonetsa komwe zingatifikitse. Supa Team 4 limakhudza kuthimathima kwa magetsi, vuto lomwe wa ku Lusaka ndi wa ku Blantyre safuna kulifotokozeredwa.

Kukongola kwa zithunzi kuli ndi malo ake, koma ndi muyeso wotsiriza, chifukwa luso lojambulira limatha ntchito msanga. Zomwe zidadabwitsa anthu mu 1966 lero zimaoneka ngati zoseweretsa ana.

Kaoneredwe kake kuno kwathu

M'tauni ambiri amaonera pa DStv kapena pa intaneti, pomwe m'malo a malonda monga Madziabango, Lirangwe ndi Chileka nyumba zoonetsera mafilimu ndi mafoni ndizo zimafikitsa zoterezi kwa anthu, kawirikawiri zitamasuliridwa m'Chichewa. Womasulira amawonjezera nthabwala zake, nthawi zina amawapatsa atengambali mayina atsopano, motero munthu wodekha angamveke ngati wanthabwala. Wounika ayenera kusiyanitsa za wolemba ndi za womasulira. Ndi bwinonso kuona zigawo zingapo motsatana asanagamule, popeza fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Makolo nawo adziwe kuti Black Mirror ndi la akuluakulu pomwe Supa Team 4 lidakonzedwera ana.

Malawi ali nawo olemba nkhani zamtunduwu. A Shadreck Chikoti adatulutsa buku la Azotus the Kingdom mu 2015, lofotokoza Africa wa zaka 500 zikudzazi. Omwe angafune kuika nkhani zotere pa kanema sangapikisane ndi Hollywood pa ndalama, koma kulemba mtengambali wogwira mtima sikulira makina odula.