Sitima Zathu Zinayamba Zayenda Pamapewa

Ojambula zithunzi za sitima zakale za pa Nyanja ya Malawi amakonda zinthu zitatu: utsi, mbendera ndi mafunde. Ngakhale sitampu ya mu 1975 ija inaonetsa Chauncy Maples ili ndee pamadzi ngati inabadwira momwemo. Koma abale, sitimazi zisanasambire zinayamba zayenda pamtunda, ndipo miyendo yake inali ya anthu.

Vuto linali mtsinje wa Shire. Kuchokera pa Kapichira kukafika ku Matope ndi mathithi okhaokha, bwato silidutsa. Choncho mu 1875 Edward Young atafika ndi Ilala, sitima yoyamba yoyendera nthunzi panyanjayi, anaiphwasula, ndipo amuna pafupifupi 800 anasenza zidutswa zake mtunda wa mamailosi oposa 60. Anakailumikizanso kumtunda kwa mathithiwo, nilowa m'nyanja pa 12 Okutobala. Pambuyo pake a Mandala anaigula n'kumanyamulira katundu wamalonda.

Nkhani ya Chauncy Maples ndiyo yotikhudza kuno ku Ntcheu, kwa Angoni, kumene nyanja timangoimva. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow mu 1899 pa oda ya amishoni a UMCA, ndipo inabwera m'zidutswa 3,481. Boyila yake, chithanki chowiritsira madzi cholemera matani 11, sinali yogawika. Anaiika pangolo, Angoni 450 n'kuikoka ndi zingwe, kukwera zitunda, kuwoloka makwawa, tsiku lathunthu mamailosi atatu basi. Inali nthawi imene amuna ambiri ochokera kumapiri kuno ankatsikira ku Blantyre kukagwira ntchito ya mtengatenga.

Sitimayi inalowa m'madzi mu 1901. Inakhala tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama. Pa nkhondo ya 1914 inanyamula asilikali. Mu 1953 boma linaigula, ndipo mu 1967 inakonzedwanso kuti izinyamula anthu ndi katundu. Zonsezi zinalembedwa bwino lomwe, chaka ndi chaka, pamodzi ndi dzina la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895 uja.

Nanga okoka aja? Iwo anangotsala nambala, 450, yopanda nkhope, yopanda mfunda. Wojambula amaima pagombe, pamene thukuta linali litauma kale. Ojambula athu a lero, utoto muli nawo. Tijambulireni boyila ija ili pachitunda, zingwe zitakungika, misana ili wee padzuwa. Chimenechonso n'chithunzi cha sitima.