Perpetua ndi Felicitas: Amayi awiri omwe anafera chikhulupiriro ku Carthage

M'masiku a ufumu wa Aroma, Mkhristu akagwidwa, chomwe woweruza ankafuna chinali chaching'ono: atape lubani pang'ono, aponye pamoto wa paguwa la milungu ya boma, kenako azipita kwawo. Cha m'ma 112, mfumu Trajan inalembera bwanamkubwa Pliny kuti Akhristu asamachite kuwasaka, koma wina akanenezedwa n'kukana kupereka nsembe, alangidwe. Motero mpata wopulumuka unkakhalapo mpaka pomaliza penipeni. Ambiri anapereka nsembeyo, ndipo ife okhala pamtendere sitingawaloze chala. Koma ena anakana.

Mwa okanawo munali anthu a muno mu Africa. Pa 17 Julayi 180, amuna ndi akazi 12 a ku Scilli anadulidwa mitu ku Carthage, mzinda womwe mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis, ku Tunisia. Koma nkhani yomwe inakhazikika m'mitima ya anthu ndi ya m'chaka cha 203, popeza mbali ina anailemba Perpetua mwiniwake ali m'ndende.

Vibia Perpetua anali mayi wa zaka pafupifupi 22, wa m'banja lolemekezeka, ndipo anali ndi khanda loyamwa. Anamangidwa limodzi ndi anzake omwe ankaphunzira nawo za ubatizo: Felicitas ndi Revocatus, amene anali akapolo, komanso Saturninus ndi Secundulus. Mphunzitsi wawo, Saturus, panalibe pomwe ankagwidwa, koma atamva anakadzipereka yekha. Ophunzirawo anabatizidwa ali kale m'manja mwa asilikali.

Perpetua sanabise mantha ake. Analemba kuti mdima wa m'ndendemo unamuopsa, kutentha ndi kuthithikana kunali kosaneneka, ndipo mtima unali pa mwana. Madikoni awiri, Tertius ndi Pomponius, anapereka kangachepe kwa alonda kuti omangidwawo azikhalako kumalo opita mphepo, ndipo pambuyo pake analoledwa kukhala ndi khanda lake.

Ine ndimaona kuti nkhondo yeniyeni ya Perpetua sinali ya zilombo ayi, koma ya bambo ake. Mkuluyu sanali Mkhristu, komanso sanali munthu woipa; ankangomukonda mwana wawo. Atabwera koyamba, Perpetua anawalozera mtsuko n'kuwafunsa ngati ungatchedwe dzina lina. Atati ayi, iye anati nayenso sangadzitche china koma Mkhristu. Bambowo analusa mpaka kufuna kumukolowola maso. Atabweranso, ukali unali utatha. Anagwada, anapsompsona manja ake akulira, namupempha kuti achitire chifundo imvi zawo, aganizire mayi ake, alongo ake ndi mwana amene sakanakhala moyo popanda iye. Tsiku la mlandu anafika atanyamula mdzukulu wawoyo. Bwanamkubwa Hilarianus nayenso anamuuza kuti amvere chisoni nkhalamba ndi khanda, apereke nsembe. Perpetua anakana. Bambo aja atapitiriza kuchonderera, Hilarianus analamula kuti akwapulidwe ndi ndodo, ndipo Perpetua analemba kuti zinamupweteka ngati wakwapulidwa ndi iyeyo. Kholo lililonse lowerenga pamenepa silingawaweruze msanga bambowo. Chikhulupiriro sichinamuchotsere Perpetua ululu. Anaumva wonse, koma sanasinthe mawu.

Felicitas anali ndi pakati pa miyezi 8. Lamulo la Aroma silinkalola kupha mayi woyembekezera, ndiye nkhawa yake inali yoti anzake adzatsogola, iye n'kudzafa yekha pakati pa zigawenga. Anzakewo anamupempherera, ndipo kutatsala masiku ochepa anabereka mwana wamkazi m'ndende momwemo. Akubuula ndi ululu, mlonda wina anamutonza kuti ngati akulira chonchi, nanga pamaso pa zilombo adzatani? Iye anayankha kuti tsopano akuvutika yekha, koma kumeneko mudzakhala Wina mwa iye womuvutikira. Mwanayo analeredwa ndi mayi wina wa mumpingo.

Secundulus anafera m'ndende. Otsalawo anawatulutsa pa 7 Marichi, pa masewera okondwerera tsiku lobadwa la Geta, mwana wa mfumu Septimius Severus, yomwe nayo inabadwira mu Africa, ku Leptis Magna, m'dziko lomwe lero ndi Libya. Pachipata anafuna kuwaveka zovala za ansembe a milungu Saturn ndi Ceres, koma Perpetua anatsutsa mpaka mkulu wa asilikali anagonja. Amunawo anawamasulira nyalugwe, chimbalangondo ndi nguluwe. Amayi awiriwo anawamasulira ng'ombe yaikazi yolusa. Itamugwetsa, Perpetua anakonza chovala chake, anamanganso tsitsi kuti asaoneke ngati wolira maliro, kenako anapita kukadzutsa Felicitas. Mwana wa mfulu ndi kapolo anaimirira pamodzi, anthu onse akuona.

Omwe sanafe ndi zilombo ankawamaliza ndi lupanga. Anayamba apsompsonana monga ankachitira popatsana mtendere mumpingo. Mnyamata amene anapatsidwa Perpetua anali wosazolowera. Anamubaya pafupa, iye n'kukuwa, kenako anagwira dzanja lonjenjemeralo n'kulilondolera pakhosi pake.

Mazunzo sanathere pomwepo. Bishopu wa Carthage, Cyprian, anadulidwa mutu mu 258, ndipo mu 303 mfumu Diocletian inayambitsa nkhanza zoposa zonse zam'mbuyo. Mu 313 m'pamene Constantine ndi Licinius analola kuti aliyense azipembedza mwaufulu. Apa n'kuti nkhani ya amayi awiriwa itafala kale, ndipo inkawerengedwa m'matchalitchi a kumpoto kwa Africa chaka ndi chaka. Augustine wa ku Hippo ankalalikira za iwo pa tsiku lawo. Mpaka lero mayina awo amatchulidwa m'pemphero loyamba la Ukaristia pa Misa ya Akatolika.

Mu 1907, Bambo Alfred Louis Delattre, pofukula mabwinja a tchalitchi china chakale ku Carthage, anapeza zidutswa za mwala wolembedwa mayina a Perpetua, Felicitas ndi anzawo. Wansembeyu anali wa chipani cha White Fathers, chomwecho chimene chinatsegula mishoni ya Mua ku Dedza mu 1902.