Kuchokera pa Sileti Kufika pa Kafukufuku: Mbiri ya Maphunziro kwa Kanyenda

Sukulu isanabwere, mwana wa kwa Kanyenda, m'boma la Nkhotakota, ankaphunzirira m'bwato ndi m'dimba. Ankauzindikira mwera usanawombe, ankadziwanso nyengo imene mpasa umakwera mitsinje ya Bua ndi Dwangwa kukaswana. Zonsezi zinkasungidwa m'mitu ya akuluakulu.

Kulemba kunalowa m'boma la Nkhotakota kudzera ku madarasa a Chisilamu, m'nthawi ya a Jumbe ku Linga. Mu 1894 a mishoni ya UMCA anakhazikika pa Nkhotakota n'kuyamba kutsegula sukulu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Sileti ndi choko zinatulutsa aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki, koma boma la atsamunda silinafulumire kumanga masekondale. Yunivesite ya Malawi inadzatsegulidwa mu 1965, dziko litalandira kale ufulu.

Fakitale ya shuga itayamba kugaya nzimbe ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako ya ethanol mu 1982, anthu a m'derali anaona ndi maso awo phindu la sukulu. Wodula nzimbe ankaweruka ali bii ndi phulusa, pomwe woyeza madzi a nzimbezo m'labotale ankalandira ndalama zooneka. Makolo ambiri anaphunzirapo kanthu.

Chaka cha 1994 ndicho chinagwedeza midzi. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ophunzira m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ana anadzaza pansi pa mitengo ya mango, mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi chigulu, mabuku ochita kulimbirana. Khomo linatseguka, inde, koma ndalama zomangira makalasi ndi kusula aphunzitsi zinkabwera modontha.

Lero tili ndi mayunivesite monga Mzuni, LUANAR ndi MUST yomwe inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, komanso masomphenya a Malawi 2063. Chondiwawa n'chakuti kafukufuku wa mpunga amachitikira ku Lifuwu, wa nsomba ku Monkey Bay, ndipo zotsatira zake zimavuta kumupeza mlimi kapena msodzi wa kwa Kanyenda m'chinenero chimene amamva. Mwana wa ku sekondale yoyendera amaloweza sayansi pa bolodi asanagwirepo chida choyezera.

Aphungu ndi makhansala a Nkhotakota, pokambirana ndalama za chitukuko, yambani ndi labotale ndi laibulale m'masekondale oyendera a kwa Kanyenda.