Ng'ombe ikatsamwa

Ng'ombe imameza chakudya isanatafune mokwanira, kenako imadzabzikula ikagona. N'chifukwa chake mango, mbatata, chinangwa kapena chitsononkho cha chimanga zimatha kuima pammero, m'njira yopita kuchifu. Vutoli limachuluka nyengo ya mango, makamaka ng'ombe zanjala zikamalimbirana zipatso zakugwa.

Chimene chimapha ng'ombe yotsamwa ndi mpweya. M'chifu mumapangika mpweya nthawi zonse, ndipo ng'ombe imautulutsa pogeya. Njira ikatsekeka, mpweyawo umasowa potulukira, mimba imafufuma n'kupanikiza mapapo. Ng'ombe ikhoza kufa m'maola ochepa chabe, choncho musadikire kuti kuche.

Ng'ombe yotsamwa imasiya kudya mwadzidzidzi, imatambasula khosi, imayesayesa kumeza ndipo dovu limangochucha. Ikamwa madzi amabwerera m'kamwa ndi m'mphuno. Mbali yakumanzere ya mimba imatupa, ndipo mukaimenya imalira ngati ng'oma.

Chenjerani: ng'ombe yachiwewe imachuchanso dovu ndi kulephera kumeza. Musapise dzanja m'kamwa mwake popanda magolovesi, makamaka ngati inalumidwapo ndi galu kapena simunaione ikudya chinthu chotsamwitsa.

Itanani mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo. Pomudikira, chotsani chakudya ndi madzi, ndipo imikani ng'ombeyo miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera. Papasani khosi mbali yakumanzere. Mukamva chotupa cholimba, chisisiteni pang'onopang'ono chokweza kukamwa, mutu wa ng'ombe uli chozolika kuti dovu lizituluka.

Musakankhe chinthucho ndi ndodo, mpini kapena paipi. Ambiri amachita zimenezi pofuna kuthandiza, koma mmero ukang'ambika ng'ombe sichira kawirikawiri. Musaimwetsenso mafuta kapena madzi mokakamiza, chifukwa amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Mimba ikafufuma kwambiri, mlangizi amaboola kumanzere, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, kuti mpweya utuluke. Akatero amapeza mpata wochotsa chotsamwitsacho mosathamanga. Ikachira, ipatseni msipu wofewa ndi madzi kwa masiku angapo, ndipo ikayamba kutsokomola kapena kupuma movutika muitaneninso.

Musadyetsere ng'ombe pansi pa mitengo ya mango zipatso zikamagwa. Mbatata ndi chinangwa muziduladula tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo modyeramo mukhale malo okwanira kuti ng'ombe zisamameze mothamanga poopa kulandidwa ndi zinzake.