Bangwe ndi Zeze wa ku Ireland

Makolo a Alomwe ambiri a kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, adachokera ku Mozambique, kumene bangwe amatchedwanso pankwe. Bangwe ndi thabwa limene amakungapo waya mmodzi, womulowetsa m'mabowo mpaka apange nsambo zisanu ndi ziwiri, ndipo chikho kapena chitini ndicho chimakuza mawu. Mnyamata ankaphunzira poyang'anitsitsa zala za mkulu: dzanja lina likutseka nsambo zosafunika, linalo likukhwacha.

Luso lotere limatha likasowa ophunzira, monga zidachitikira ku Ireland. M'chaka cha 1792 oimba zeze khumi a m'dzikomo, ambiri a iwo akhungu, adasonkhana ku Belfast, ndipo Edward Bunting adalemba nyimbo zawo. Nyimbozo zidapulumuka, koma kaimbidwe kakale ka zeze wa nsambo zamkuwa kadazilala zisanathe zaka 100.

M'chaka cha 1950 ndi cha 1958 Hugh Tracey adajambula oimba bangwe m'Nyasaland, ndipo mawu awo adasungidwa ku South Africa. Komabe makina amasunga nyimbo yokha. Kayendedwe ka zala kamasungidwa ndi mwana amene wakhala pambali pa agogo ake madzulo.