Kutitimira kwa Nthaka Pamwamba pa Mapaipi Oboolera Pansi

Kutitimira kumeneku ndiko kutsika kwa dothi kumene kumatsatira ntchito yolowetsa mapaipi a madzi kapena a mawaya kunsi kwa msewu popanda kukumba ngalande. Luso lotere, limene Martin Cherrington analisonyeza mu 1971 poolotsa paipi kunsi kwa mtsinje wa Pajaro ku California, limayamba ndi kuboola kauna kotsogolera, kenaka kukuza unawo kufikira utaposa paipi, n'kukokeramo paipiyo. Ndipo mpata wotsala pakati pa paipi ndi dothi ukapanda kudzazidwa bwino ndi thope la bentonite kapena simenti, dothi la pamwamba limagumukiramo pang'onopang'ono, phula n'kulowa m'kati, ming'alu n'kutulukira m'mbali mwake.

M'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kumene msewu wa M5 umadutsa pa Kande ndi pa Chintheche, ndi kumene Northern Region Water Board imagawira anthu madzi, mmisiri ayenera kusamala koposa, pakuti mchenga wa kumeneko sugwirana, madzi ali pafupi pansi, ndipo mvula imagwa yochuluka, kotero kuti una ukhoza kugumuka paipi isanakokedwe n'komwe. Kumtunda, cha ku Mpamba, katondo amaugwira una nthawi yaitali, msewu n'kumaoneka wabwinobwino kufikira dzinja litafewetsa dothi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amisiri odziwa ntchito amaboola mozama, sakuza una mopyola muyezo, ndipo amayeza msinkhu wa msewu asanayambe, atamaliza, ndiponso mvula ikatha.