Kabokosi ka Wi-Fi pa Rumphi Boma ndi mbiri ya nthambo

Kabokosi ka Wi-Fi kokhomedwa pakhoma la ofesi kapena sukulu pa Rumphi Boma kamaoneka kachilendo, koma ntchito yake ili ndi mizu m'boma lomweli. Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun Institution inkaphunzitsa anyamata ntchito ya telegalafu, ndipo ena mwa iwo analembedwa ntchito ndi African Transcontinental Telegraph Company ya Cecil Rhodes, imene nthambo zake zinkatsata nyanja kulowera ku Karonga. Mu 1905 mishoniyo inayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Uthenga unkayenda chifukwa panali nthambo, magetsi ndi manja ophunzitsidwa, ndipo chachitatuchi ndicho chimene timachinyalanyaza lero.

Ena anganene kuti kuyambira pamene TNM inabweretsa mafoni a m'manja mu 1995, ndi Celtel mu 1999, nthambo ndi amisiri zinatha ntchito. Sizoona. Kabokosiko kamalumikizidwabe ndi waya ku rauta, ndipo nthawi zambiri waya womwewo ndi umene umakapatsa magetsi. Kakakhomedwa pansi kwambiri kapena kuseri kwa khoma lochindikala la njerwa, netiweki imafooka m'zipinda zina. Kakasiyidwa ndi pasiwedi ya kufakitale, aliyense wodutsa amadya bandulo ya sukulu. Magetsi a ESCOM akathima popanda batire kapena sola, zonse zimaima. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa amene ali pafupi, osati wodikiridwa kuchokera ku Mzuzu. Choncho amene mukugula zipangizozi, ikani padera ndalama zophunzitsira achinyamata a ku Rumphi konkuno kuzikhoma ndi kuzikonza.